Mmene ndinathanirana ndi ngongole zomwe zinkandisowetsa tulo

Malipiro akangolowa tsiku lomwelo atha, foni kumangolira, ine osayankha chifukwa cha manyazi. Ndinayesa kubwereka kwina kuti ndibweze kwina koma dzenje linangokula, kuzemba mafoniko nakonso kunangochulukitsa chiwongoladzanja ndi chindapusa chochedwa kulipira.

Amene anandithandiza ndi mlangizi wa zangongole wa bungwe lina, ulere, sindinalipire kalikonse. Anati ndilembe m'kope ngongole zonse, mwini wake, yotsala ndi chiwongoladzanja chake. Kenako bajeti, lendi, chakudya, magetsi ndi madzi poyamba, yotsalayo ndiye yogawira eni ngongole.

Pomwe panagona nkhani ndi apa, ndinalembera aliyense kalata ndikuphatikiza bajeti ija, kunena ndalama yomwe ndingakwanitsedi pamwezi osati yongowasangalatsa ayi, ndikupempha kuti ayambe aimitsa chiwongoladzanja. Atatu anavomera, mmodzi anakana mpaka nditalembanso kachiwiri. Chilichonse chomwe mwagwirizana pafoni muziwauza akutumizireni cholembedwa chonde, ine wina anadzasintha mawu koma meseji yake ndinali nayo. Malisiti onse ndimawajambula pafoni tsiku lomwe ndalipira.