Mwana wa Folomu 3 kapena 4 akamaphunzirira pakhomo

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wanga wachisamba, wamkazi, anali Folomu 4. Anakhala pakhomo kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, miyezi isanu ndi theka, mpaka pa 7 Seputembala pamene a makalasi a mayeso anabwerera kusukulu. Chaka chino mlongo wake wa Folomu 3 wakhalanso pakhomo pafupifupi teremu yonse atathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, aphunzitsi akumamutumizira ntchito pa WhatsApp. Ine ndimagulitsa usipa ndi tomato ku Zigwagwa, sukulu ndinalekezera Folomu 2, ndiye musaganize kuti akulankhula pano ndi mphunzitsi. Kungoti ulendo woyamba ndinapunthwa, wachiwiriwu ndimadziwa pamene pali chitsa.

Chimene chinandipusitsa poyamba ndi foni. Ndinkati mwana akaigwira, maso ali pagalasi, ndiye kuti sukulu ikuyenda. Ndinkagula bandulo mosanyinyirika. Patapita mwezi ndinatenga kope lake la Biology, ndinapeza tsamba lomaliza kulembedwa linali la mu Malichi. Manotsi onse anali mufoni, mazanamazana, osawerengedwa. Kuyambira tsiku limenelo lamulo la pakhomo pano ndi ili: foni ndi ndowa yokatungira, madzi ake timamwera m'kope. Mwana atsegule data, atenge zimene aphunzitsi atumiza, atseke. Kenako alembe ndi dzanja, mwachidule, m'mawu akeake. Mayeso a MANEB amalembedwa ndi cholembera papepala, ndipo dzanja limene lakhala miyezi osalemba limatopa pepala lisanafike pakati.

Za bandulo ndinene mwachangu. Lowani mu WhatsApp muzimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, chifukwa m'magulu a kalasi mumagwa zambiri zosakhudza sukulu, mpira, nyimbo, maliro a anthu osawadziwa. Manotsi a PDF sadya data kwenikweni, chimene chimamaliza ndi vidiyo. Vidiyo ikakhala yofunikadi, monga ya masamu, aitsitse mmodzi ndi kugawira anzake pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Manotsi ataliatali ndimakapulintitsa m'tauni, masamba awiri pa pepala limodzi. Poyamba zimaoneka zodula, koma pepala silitha chaji magetsi akazima, ndipo pa pepala sipabwera meseji ya chibwenzi.

Ngati foni ndi imodzi pakhomo, monga mmene zinalili kwathu, gwirizanani ola lake. Yanga ndimapita nayo kumsika chifukwa ogula ena amalipira pa foni, ndiye mwana amaigwira m'mawa ndisananyamuke ndi madzulo ndikabwera. Ndinawauza aphunzitsi a kalasi zimenezi poyera kuti asadabwe ntchito ikamafika usiku. Musachite manyazi kunena. Aphunzitsi ambiri amamvetsa, chimene chimawatopetsa ndi mwana wongosowa osanena kanthu.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya nthawi. Mwana akakhala pakhomo aliyense amamuona ngati alibe chochita. Agogo amutuma kuchigayo, a neba amusiyira khanda, ine mayi ake ndimuitana adzandidikirire pabenchi. Akakhala wamkazi ndiye zimanyanya: kusesa, kutsuka mbale, kuphika, kuchapa, pofika 11 koloko mutu wathamo mphamvu. Ine ndemwe ndinkamuba nthawi mwana wanga, uku ndikudandaula kuti sakuwerenga. Tinakhala pansi ndi bambo ake, tinagwirizana kuti kuyambira 7:30 mpaka 12 koloko mwanayo kulibe, ali kusukulu, ngakhale mukumuona pakhonde. Wobwera kudzamufuna timamuuza kuti abwere masana. Zintchito za pakhomo tinazigawa, anyamata nawo anayamba kutsuka mapoto, ndipo palibe anafa nazo.

M'maola amenewo musamuunjikire maphunziro asanu ndi atatu. Atatu pa tsiku akwana, lililonse ola limodzi ndi kupumira pakati. Lovuta liyambe, mutu usanatope. Kwa ana anga onse awiri limeneli linali masamu, ndipo masamu sawerenga ngati nyuzipepala, amasova. Chingerezi chisasowe tsiku ndi limodzi lomwe, pakuti satifiketi ya MSCE siituluka mwana akalephera Chingerezi, ngakhale kwinako atakhoza bwanji. Kumbukiraninso mmene magiredi amayendera: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 ndiye kulephera. Wofuna ku Mzuni kapena ku yunivesite ina ya boma amafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Mwana akamasiya dala phunziro limene amadana nalo, muwerengereni zala aone ngati asanu ndi limodziwo akukwana.

Malo owerengera sayenera kukhala apamwamba. Tebulo ndi mpando, kutali ndi wailesi. Pabedi ayi. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi mukukudziwa, mwana akati awerengere m'bulangete ndiye kuti mwamutaya. Avale juzi, amwe tiyi, akhale patebulo. Kanyale ka sola kamathandiza madzulo, koma ndimakonda kuti zolemera zithe dzuwa likadalipo.

Mwina mukuti, nanga ine amene Chemistry sindinaionepo ndimuyesa bwanji? Njira yanga ndi iyi. Madzulo ndikusankha usipa ndimati, "Tandiuza zimene waphunzira lero, m'Chichewa, ngati ukuuza agogo ako." Amene wamvetsa amafotokoza bwinobwino, amapereka ndi chitsanzo chomwe. Amene wangoloweza amabwereza mawu a Chingerezi aja, ukamufunsa kuti ndiye kuti chiyani amayamba kukanda m'mutu. Pamenepo simufunika satifiketi kuti mudziwe kuti sizinalowe. Ndimaonanso kope: deti la lero lilipo? Masamba awonjezeka? Ntchito imene aphunzitsi anachonga pa foni, zolakwazo wazikonza?

Chimene chimasowa kwambiri pakhomo ndi labu, chonsecho Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mapepala a practical. Zonse simungazipange kukhitchini, koma zina zimatheka. Mnyamata wanga anadula mbatata ya kachewere timizere tofanana, tina anaika m'madzi wamba, tina m'madzi a mchere wambiri. Patapita maola angapo ta mumchere tinafota n'kukhala lendelende, ta m'madzi wamba tinauma gwa. Imeneyo akuti ndiyo osmosis, ndipo ine ndinamvetsa tsiku limenelo chifukwa chake ndiwo zamasamba zimatuluka madzi ukazithira mchere. Dontho la ayodini wa pabala pa ufa kapena pa chinangwa limasanduka la buluu woderapo kwambiri, pafupifupi lakuda, kusonyeza kuti muli sitachi. Dothi la kudimba analithira m'botolo la madzi, kukhutchumula, kulisiya usiku: mchenga pansi, dothi losalala pamwamba pake, zinyalala zowola zikuyandama. Chilichonse ajambule ndi pensulo, alembe zimene waona, monga adzachitire m'mayeso. Za asidi ndi moto zisiyireni aphunzitsi.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndi chuma, koma agwiritsidwe ntchito moyenera. Loweruka m'mawa ndimamupatsa pepala limodzi, foni ndi mabuku ndimatsekera m'chipinda changa, ndimayang'ana nthawi yolembedwa pamwamba pa pepalalo n'kumuuza kuti yamba. Ikatha ndimalanda, kaya wamaliza kaya ayi. Akamaliza timajambula n'kutumiza kwa aphunzitsi. Mabuku amene tilibe amakawerenga ku laibulale ya National Library Service m'tauni, kapena amabwerekana ndi anzake.

Anzakewo ndi ofunika, musamutsekere yekha ngati nkhuku yokhalira mazira. Atatu kapena anayi a kalasi imodzi, kawiri pa sabata, pakhomo pamene pali munthu wamkulu. Aliyense abwere ndi mutu umene aphunzitse anzake. Akapitirira asanu imasanduka mphala. Mwana amene wakhala yekha nthawi yaitali amayamba kugona usana, kukwiya msanga, kunena kuti sukulu ilibe phindu. Mukaona zimenezo musathamangire kukalipa. Mtsikana wanga anafika pamenepo mu Julayi 2020, pamene panalibe wodziwa tsiku lotsegulira, ndipo chinamudzutsa ndi mphunzitsi wake wa Geography amene ndinamupempha kuti angomuimbira foni mphindi zisanu.

Pomayandikira mayeso m'magulu a WhatsApp mumalowa anthu ogulitsa likasa, akuti tumizani ndalama tikupatseni pepala lenileni. Muuzeni mwana atulukemo, ndipo inu musatumize ngakhale tambala. Ife tinaziona: mayeso a MSCE a 2020 anaimitsidwa mu Novembala ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Mwana wanga analira tsiku lonse. M'mawa mwake ndinamupeza patebulo paja, juzi ili m'thupi, akutsegula kope la Biology limene tsopano linali lachitatu.