Mbira Yowonda: Momwe Mungaibwezeretsere Thupi

Ubweya wa mbira umanamiza. Kanyamaka kamaoneka kathupi pomwe mkati katsala mafupa okhaokha, ndiye musadalire maso. Yendetsani chala pamsana mpaka m'chiuno. Ngati mafupa akubaya ngati mano a chipeso, yawonda. Kenako ipimeni pa sikelo ya magalamu, mutaikhazika m'kabakuli, m'mawa uliwonse isanadye, ndipo muzilemba m'kope. Yaimuna yaikulu imalemera magalamu 900 mpaka 1,200, yaikazi 700 mpaka 900. Kusintha kwa magalamu 20 kapena 30 pa tsiku si nkhani, ndi mimba chabe. Koma ikatsika ndi 50 pa sabata pali vuto, ndipo ikatsika ndi 100 musagonere.

Ambiri akaona mbira yawonda amathamangira kuithirira gaga wodzaza mbale, ena mpaka mkute wa nsima. Apa mpamene zambiri zimafera. Mbira siwonda popanda chifukwa, ndipo chifukwacho chikapanda kupezeka, gaga amangoitupitsa mimba.

Yambirani m'kamwa. Mbira ili ndi mano 20 ndipo onse amakula moyo wake wonse. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu. Ikamadya zofewa zokhazokha, mano a m'kati amatalika, a pansi n'kupindikira pamwamba pa lilime mpaka kulipanikiza. Mudzaiona ikuthamangira chakudya ndi njala, n'kutola tsamba, kulitembenuza m'kamwa, kenako kulilavula. Pachibwano pamakhala ponyowa ndi dovu. Mano a kutsogolo akhoza kuoneka abwinobwino, vuto lili kumene diso silifika. Musayese kuwadula ndi chowengera zikhadabo chifukwa dzino limang'aluka mpaka ku muzu. Imeneyi ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, ndipo ngati simukudziwa kumene ali, funsani ku ofesi yoona za ulimi ndi ziweto ya m'boma lanu, imene ku Mozambique imatchedwa SDAE.

Chachiwiri ndi vitamini C. Mbira, monganso munthu, siitha kumupanga m'thupi mwake. Akasowa kwa masabata awiri kapena atatu, ubweya umanyankhalala, mfundo za miyendo zimatupa, imayenda modumphira ndipo imalira mukaigwira. Yathanzi imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 pa tsiku, yodwala mpaka 50. Kachidutswa ka gwafa kolemera magalamu 10, mutachotsa njere, kamapereka pafupifupi 20. Tsabola wobiriwira wosawawa uja nayenso ndi wabwino, ndipo alibe shuga wambiri, ndiye mukhoza kupatsa kagawo tsiku lililonse. Mapiritsi a vitamini C musamasungunulire m'madzi akumwa: mphamvu yake imatha msanga, madzi amasintha kakomedwe, mbira n'kuleka kumwa.

Onaninso za m'khola. Yamphamvu imatha kutsekereza yofooka pa chakudya, ndiye ikani mbale ziwiri motalikirana. Yaikazi imatenganso bere patangopita maola ochepa itabereka, ndipo bere lake ndi la masiku 59 mpaka 72. Ikamayamwitsa kwinaku ili ndi bere lina, thupi silingabwerere, choncho yaimuna ichoke isanabereke. Yodzikanda mpaka zilonda, ubweya n'kumathothoka, kawirikawiri ili ndi tizilombo ta pakhungu, ndipo dokotala amapereka mankhwala a ivermectin molingana ndi kulemera kwake.

Tsono chakudya. Udzu usamathe m'khola usana ndi usiku: kapinga, nsenjere yanthete, masamba ndi makoko a chimanga. Kumapeto kwa dzinja mwetani wambiri, muumitse pamthunzi, kuti mu Seputembala tchire litapsa musasowe pogwira. Pamwamba pa udzuwo onjezani ndiwo zamasamba zodzaza kapu imodzi pa tsiku, monga kholowa, chisoso ndi mpiru pang'ono. Kabichi wambiri amadzaza mpweya m'mimba. Gaga ali ndi malo ake, koma supuni yaing'ono imodzi pa tsiku basi, wouma bwino. Wonunkha chuku tayani, amawononga chiwindi. Chakudya chatsopano chilichonse chiyambe pang'ono, muzionjezera pa masiku asanu kapena asanu ndi awiri.

Kwa a ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene mbatata ya kachewere ili ponseponse: masamba ake, mphukira zake ndi makoko obiriwira ndi poizoni kwa mbira. Ana otumidwa kukamweta udzu m'mbali mwa munda ndi amene amasakaniza, ndiye auzeni. Chimodzimodzi masamba a tomato, chigwada chachiwisi, anyezi, adyo ndi mapeyala. Udzu wa pafupi ndi munda wopoperedwa mankhwala ausiye.

Mbira imene yalekeratu kudya ndi nkhani ina. Matumbo ake amafuna kuyenda nthawi zonse, ndipo ikatha maola 12 osadya amayamba kuima. Chizindikiro chake ndi manyi: amachepa, amakhala ang'onoang'ono ndi ouma, kenako osaonekanso. Pamenepo idyetseni ndi sirinji ya mililita imodzi yopanda singano, mutadula kansonga kake kuti bowo likule. Nyikani chakudya chogula cha mbira m'madzi ofunda mpaka chikhale ngati phala lamadzimadzi. Ngati mulibe, sinjani udzu wouma, musefe, musakanize ndi dzungu lophika lopanda mchere. Ikulungeni m'kansalu miyendo ili pansi, osati chagada. Lowetsani sirinji chammbali, kuseri kwa mano a kutsogolo pamene pali mpata, mufinye theka la mililita, mudikire itafune ndi kumeza. Mukafulumira phala limalowa m'mapapo. Mamililita 10 mpaka 15 pa ulendo umodzi, maola atatu kapena anayi alionse, kuti pa tsiku afike 60 kapena kuposerapo kwa mbira ya kilogalamu imodzi. Madzi apite mwa njira yomweyo. Koma mimba ikakhala yotupa ndi yolimba ngati ng'oma, musakakamize chakudya, pitani nayo kwa dokotala.

Mankhwala a anthu otsala m'kabati musayerekeze. Amoxicillin, ampicillin ndi penicillin amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo mwa mbira, imatsegula m'mimba n'kufa m'masiku ochepa. Mkaka wa ng'ombe nawonso ayi.

Nyengo imadyanso thupi. Mbira imakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 24. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40, imagona chotambalala n'kusiya kudya. Ichotseni pansi pa malata, muiikire botolo la madzi ozizira lokulunga m'nsalu, ndipo chakudya chambiri muzipereka m'mamawa ndi madzulo. Ku Ulongué mu Juni ndi Julayi vuto ndi chisanu, ndiye udzu wouma wogonera uchuluke ndipo khola litchingidwe mphepo.

Thupi limabwerera pang'onopang'ono, ndipo magalamu 10 mpaka 30 pa sabata ndi okwanira. Sirinji musaisiye tsiku limodzi lomwe yayamba kubudula udzu. Chotsani ulendo umodzi pa tsiku, mupime m'mawa mwake, ndipo sikelo ikatsika mubwezeretse ulendowo.