Za lendi ndi chamba ku Oregon: musamvere dobadoba

Abale anga amene mwangofika ku Oregon, state ya ku America, ndi inu amene mukumanga katundu kuti mubwere, dziwani kuti kuno boma si limodzi. Kwathu aphungu akakhazikitsa lamulo ku Lilongwe, lamulolo ndi lomwelo kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kuno kuli boma lalikulu ku Washington DC, boma la state ku Salem, boma la county, ndiponso la mzinda. Onsewa ali ndi chonena pa nyumba imene mukugonamo ndi pa zimene apolisi angakupezeni nazo m'thumba, ndipo nthawi zambiri zonena zawo sizigwirizana.

Oregon ili ndi ma county 36. Ambirife tili ku Multnomah, kumene kuli Portland, ena ku Washington County, ena ku Clackamas. Sheriff amene amabwera kudzatulutsa munthu m'nyumba khoti likalamula ndi wa county. Ndende yaing'ono ndi ya county. Woimira boma pa milandu amasankhidwa ndi anthu a m'county. Thandizo la lendi mukagwa m'mavuto, nthawi zambiri limadzera komweko. N'chifukwa chake ma county amalemba anthu ntchito yongolondola mabilu ku Salem. Aphungu akamakumana, masiku 160 m'zaka ngati 2025 ndi masiku 35 okha m'zaka ngati 2026, anthuwa amakhala akuwerenga bilu iliyonse ngati mlimi woyang'ana mitambo mu Novembala, kenaka n'kukauza makomishonala oyendetsa county kuti iyi tiivomereze, iyi tiikane, iyi itidyera ndalama zingati. Alinso ndi bungwe lawo, Association of Oregon Counties, lowalankhulira pamodzi. Malipoti amenewa amaperekedwa pa misonkhano ya poyera, ndipo amaikidwa pa intaneti. Palibe amene amafunsa pasipoti kuti muwerenge.

Ife timawerenga? Ayi. Timamvera achimwene ena amene anafika kale, amene amayankhula Chingerezi cha m'mphuno ndipo amati amadziwa aliyense.

Ine ndinagwa m'manja mwa mmodzi wa amenewa. Dzina sinditchula. Atandipeza ndikusowa nyumba, poti mlendo alibe mbiri ya ngongole imene malandilodi amafuna, anati iye ali ndi kampani yothandiza obwera kumene. Anatenga ya kufufuza, anatenga ya fomu, anatenga dipoziti, zonse pamanja. Lisiti? "Achimwene, ife ndi inu mpaka lisiti?" Nyumba inapezekadi, fulati ya m'nyumba yakale ya njerwa, makapeti ake otuwa ofika khoma ndi khoma. Pangano ndi eni nyumba linali m'dzina lake, ine ndinkalipira kwa iye.

Chaka chisanathe, usiku ndili pa shifiti yosamalira okalamba, foni inalira. Uthenga wa pa WhatsApp: kuyambira mwezi wamawa lendi yakwera, ndipo kukwera kwake kunali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Nditafunsa, yankho linali lakuti ku Salem asintha lamulo, malandilodi onse akweza, aliyense akudziwa. Anatumizanso chithunzi cha nkhani ya m'nyuzipepala yokhala ndi mawu akuti Senate Bill pamwamba. Nkhaniyo inali yoona. Koma biluyo inali yotsitsa malire a kakwezedwe ka lendi, osati yokweza. Munthu kukutumizira lamulo lokuteteza iwe amene ngati umboni wokubera nawo, podziwa kuti watopa ndipo suwerenga mpaka pansi. Mpaka lero ndikakumbukira, nsima imandikanika.

Zoona zake ndi izi. Mu 2019 Oregon inakhala state yoyamba kuika malire a kakwezedwe ka lendi m'dera lake lonse, kudzera mu Senate Bill 608: 7 peresenti kuphatikiza kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mitengo itathamanga, malire a 2023 anafika 14.6 peresenti, anthu anadandaula, ndiye chaka chomwecho Senate Bill 611 inati zivute zitani asapitirire 10 peresenti. Chiwerengero cha chaka chotsatira boma limalengeza pofika pa 30 Seputembala. M'chaka choyamba cha kukhala kwanu landilodi saloledwa kukweza n'komwe. Pambuyo pake ayenera kupereka notisi yolembedwa masiku 90 nthawi isanakwane, ndipo uthenga wa pa foni si notisi. Wokweza mopyola malire akhoza kulamulidwa kukulipirani lendi ya miyezi itatu kuwonjezera pa zimene mwataya. Ndipo amene akukuchititsani lendi nyumba imene iyenso akuchita lendi, lamulo limamuwerengera ngati landilodi wanu. Chenjerani ndi chimodzi: nyumba zimene sizinakwane zaka 15 chimangidwire sizili m'malire amenewa. Mafulati onyezimira aja okhala ndi jimu pansi angakukwezereni mmene afunira, choncho funsani chaka chimene nyumba inamangidwa musanasaine.

Nditaganiza zotuluka, nkhani inafika poipa. Dipoziti anakana kubweza, ati m'nyumba mukununkha chamba, makapeti onse afunika kuchotsa. Ine fodya sindisuta, ngakhale wa m'sitolo. Fungolo linkalowa kuchokera m'khonde, ndipo iye ankalidziwa kuyambira tsiku limene anandipatsa makiyi. Kenaka anatsitsa mawu, mwa chikondi chonse, n'kunena kuti ngati ndikufuna kupita ku khoti ndipite, koma adzayenera kufotokoza za mankhwala ozunguza bongo, ndiye mapepala anga a ku imigireshoni kaya. Ndinangoti kakasi. Munthu wodikira green card, chiphaso chokhazikika m'dziko muno, ukamva mawu amenewo miyendo imazizira, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe.

Zitatero anayamba za mawa mawa. Tikambirana, achimwene. Ndikupatsani theka mwezi ukatha. Mayi akudwala kumudzi. Pamene ndinkakhala pansi ndi loya wa ofesi yothandiza anthu opeza zochepa, anandiuza mosapita m'mbali kuti lamulo la Oregon limapatsa landilodi masiku 31 kuti abweze dipoziti kapena alembe chifukwa chake, ndipo woisunga popanda chifukwa akhoza kulipira kawiri. Koma milandu ya landilodi ndi wochita lendi iyenera kufika ku khoti chaka chisanathe. Chaka chinali chitadutsa. Mawa mawa uja sanali ulesi, anali kuwerenga kalendala. Lero dobadobayo akadali m'magulu athu a WhatsApp, akulandira alendo ku eyapoti.

Ndiye mverani. Ndalama ya nyumba isachoke m'manja mwanu popanda lisiti, ngakhale wolandirayo mumapemphera naye mpingo umodzi. Dzina lanu likhale pa pangano. Jambulani chipinda chilichonse tsiku lolowa, makapeti, chitofu, pansi pa sinki. Dipoziti ikakanidwa pitani ku khoti la milandu ing'onoing'ono, limene limamva nkhani zosapitirira $10,000 ndipo silifuna loya. Zina zonse n'zosavuta: magetsi mumalembetsa pa intaneti, adiresi mumasintha ku positi ofesi, ndipo a imigireshoni muwauze pasanathe masiku 10 mutasamuka.

Mukalephera lendi musathawe. Kuyambira 2023 notisi ya kusalipira ndi ya masiku 10, osati maola 72 ngati kale. Imbani 211 tsiku lomwelo mufunse thandizo la lendi la county yanu. Landilodi alibe mphamvu yosintha loko kapena kutaya katundu wanu panja. Ayenera kudzera ku khoti. Samani ikabwera pitani pa tsiku lake, chifukwa mukajomba mwagonja basi, ndipo dzina lanu lidzaoneka kwa landilodi aliyense wofufuza mbiri yanu. Okhala mu mzinda wa Portland muli ndi china chowonjezera: landilodi akakutulutsani popanda cholakwa chanu, pa nyumba zambiri ayenera kukupatsani ndalama yosamukira, kuyambira $2,900 mpaka $4,500 malinga ndi kukula kwa nyumba. Ku Beaverton kapena ku Gresham lamulo limenelo silifikako. Mukaoloka mtsinje wa Columbia kupita ku Vancouver, mwalowa state ya Washington, malamulo ndi enanso.

Tsopano za chamba, ndipo apa ndiyankhula mokalipa chifukwa achinyamata athu simukumva. Inde, kuyambira 2015 munthu wa zaka 21 amaloledwa kukhala ndi chamba ku Oregon. Masitolo ake ali mbwee, zikwangwani zobiriwira m'misewu. Mnzanu wa kuntchito wobadwira kuno akhoza kugula pamaso pa wapolisi. Inu si iye. Viza yanu, green card yanu, unzika umene mukuulota, zonse zili m'manja mwa boma la ku Washington DC, ndipo kwa ilo chamba chikadali m'gulu la mankhwala oletsedwa. Mu Epulo 2019 a USCIS, ofesi ya boma lalikulu yoona za unzika ndi mapepala a alendo, analemba poyera kuti kusuta, kusunga, ngakhale kugwira ntchito m'makampani a chamba kungalepheretse munthu kuonedwa wa makhalidwe abwino pofunsira unzika, ngakhale state yake ikuloleza. Choncho ntchito ya m'sitolo ya chamba, ya kumunda wake, yonyamula katundu wake, ikaneni ngakhale malipiro akome bwanji. Sipafunikanso kuti mugwidwe. Kungovomera pakamwa kwa ofisala wa pa eyapoti kuti munasutapo kungakutsekereni khomo. Sindikuti mukaname, chifukwa bodza kwa a imigireshoni ndi dzenje lakuya kuposa. Ndikuti musayambe, ndipo ngati munayamba kale, onanani ndi loya wa za imigireshoni musanadzaze fomu iliyonse kapena kukwera ndege yopita kumudzi. Zithunzi zija mumaika pa Facebook muli mu utsi, kaya mumaganiza kuti amaona ndi anzanu okha.

Ena mumabwera ndi nkhani yakuti ku Oregon mankhwala onse ozunguza bongo ndi ololedwa. Nkhani yakale imeneyo, ndipo ngakhale kale sinali yoona kwa mlendo. Mu Novembala 2020 anthu anavotera Measure 110, ndipo kuyambira Febuluwale 2021 wopezeka ndi mankhwala ochepa ankangopatsidwa tikiti ya $100. Kenaka mankhwala oopsa otchedwa fentanyl anadzaza m'misewu ya Portland, anthu ambiri anafa, mitima inatembenuka. Mu 2024 aphungu anakhazikitsa House Bill 4002, bwanamkubwa Tina Kotek anasaina, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2024 kupezeka ndi mankhwala otere ndi mlandu kachiwiri, wokhoza kufikitsa munthu m'ndende masiku 180.

Apa ndi pamene county imalowerera kwambiri. Lamulolo linasiyira county iliyonse kusankha ngati ikufuna pulogalamu imene amaitcha deflection, yoti wapolisi m'malo mokutengera ku khoti akutumize kwa opereka chithandizo. Ma county ambiri anavomera, ena ayi, ndipo amene anavomerawo aliyense anaika zoyenereza zakezake. Wogwidwa ku Portland ndi wogwidwa makilomita ochepa kumadzulo, ku Hillsboro, akhoza kuyenda njira zosiyana pa chinthu chimodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti chithandizo chimaposa ndende, ndipo ma county amene anatsegula njirayi anachita bwino. Koma anaikonza poganizira nzika. Inu musasaine kanthu, musavomere kanthu, musanafunse kuti zikhudza bwanji mapepala anu. Kwa a imigireshoni, mukavomera mlandu pamaso pa woweruza n'kupatsidwa chilango kapena zoti mutsatire, mwapezeka wolakwa basi, ngakhale state idzafufute mlanduwo pambuyo pake. Loya wa boma amene akupatsani akhoza kukuuzani kuti vomerani, n'zazing'ono, mutuluka lero. Muuzeni msanga kuti si inu nzika. Kuyambira chigamulo cha khoti lalikulu kwambiri la America pa mlandu wa Padilla v. Kentucky mu 2010, loya ali ndi udindo wokuchenjezani ngati kuvomera kungakuthamangitseni m'dziko.

Nyumba ndi mankhwala zimakumananso pena. M'nyumba zolipiridwa ndi thandizo la boma lalikulu chamba n'choletsedwa, kaya Salem inene chiyani. Landilodi wamba naye akhoza kuletsa kusuta kulikonse m'pangano. Ndipo mukamagona anayi m'fulati imodzi kuti lendi ipepuke, dziwani zimene anzanuwo amasunga m'kabati ndi m'galimoto imene mumabwerekana. Wopita ku state yoyandikana nayo ya Idaho asanyamule kalikonse, kumeneko chamba n'choletsedwa kotheratu.

Nanga mungalondole bwanji zonsezi muli pa shifiti ya maola 12? Simufunika kuwerenga mabilu mazana. Kumayambiriro kwa chaka tsegulani tsamba la county yanu, pezani mndandanda wa zimene makomishonala agwirizana kukamenyera ku Salem, muyang'ane mbali ya nyumba ndi ya mankhwala ozunguza bongo. Aphungu akatseka zokambirana, ofesi yomweyo imapereka lipoti la zimene zadutsa. Wina akakuuzani kuti lamulo lasintha, mufunseni nambala ya bilu, muilembe pa tsamba la nyumba ya malamulo lotchedwa OLIS, muone zinthu zitatu: ngati inadutsa m'nyumba zonse ziwiri, ngati bwanamkubwa anasaina, ndi tsiku limene iyamba kugwira ntchito. Mabilu ambiri amafera m'komiti, koma madobadoba amawatchula ngati malamulo. Wokana kupereka nambala, mudziwiretu kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Za imigireshoni, malangizo atengeni kwa loya wolembetsedwa kapena kwa munthu wovomerezedwa ndi Department of Justice, unduna wa zachilungamo wa boma lalikulu. Dzina la loya wa ku Oregon mungalifufuze pa tsamba la bungwe la maloya lotchedwa Oregon State Bar. Wodzaza mafomu pa tebulo la kukhitchini kwake, olo akhale mkulu wa mpingo, musamupatse pasipoti yanu.