Mwana Akamayenda Kapena Kukuwa Ali M'tulo

Zimachitika m'maola atatu oyamba a tulo: mwana amadzambatuka, maso ali tong'o, thukuta kamukamu, akukuwa koma osakuzindikirani. Kukacha sakumbuka kanthu. Maloto oipa ndi ena, amabwera m'bandakucha ndipo mwana amawafotokoza.

Musamugwedeze kuti adzuke, amangosokonezeka. Mulondolereni modekha kubedi. Kiyani zitseko, chotsani mbaula ndi mipeni, ndipo inu a m'mafulati a ku Mbare mumzinda wa Harare, samalani masitepe. Zikamabwera nthawi yofanana, muzimudzutsa pang'ono kutatsala mphindi 15, kwa sabata ziwiri. Kugona mochedwa ndi kutentha thupi ndiye zimakolezera.

Pitani naye kukiliniki ya khonsolo akamadzivulaza, akamabanika ndi mkonono, kapena thupi likamauma n'kumanjenjemera. Kuuma ndi kunjenjemera kwa thupiku mwina ndi khunyu, musathamangire za ufiti. Pakafunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu ngati cha Parirenyatwa.