Backup ikasiya kufika pa NAS kompyuta italandira update

Vuto ili limabwera mwakachetechete. Kompyuta yalandira update usiku, m'mawa zonse zikuoneka bwino, koma patapita milungu mukuzindikira kuti mafayilo anasiya kalekale kusungidwa pa NAS, kachipangizo kosungira mafayilo kolumikizidwa pa netiweki yanu. Musanagwire china chilichonse, koperani kaye mafayilo ofunika pa hard drive yapadera, kuti muzifufuza mtima uli m'malo.

Yambani ndi zosavuta. Tsegulani File Explorer, lembani \\ kenako adiresi ya IP ya NAS yanu. Ikapanda kutseguka, onani ngati rauta sinaipatse adiresi ina, ndipo muipatse yokhazikika. Onaninso ngati netiweki yanu sinasinthe kuchoka pa Private kupita pa Public, chifukwa pa Public kompyuta imadzibisa ndipo sifufuza zida zinzake.

Koma nthawi zambiri gwero la vuto ndi SMB, njira imene kompyuta ndi NAS zimalankhulirana. Kuyambira Windows 10 ya 1709, mu 2017, Microsoft inayamba kuchotsa SMB1, mtundu wakale wa njirayi. Mu 2024, Windows 11 ya 24H2 inakhwimitsanso malamulo: kupatula mtundu wa Home, imafuna kuti uthenga uliwonse wa SMB ukhale ndi siginecha yotsimikizira komwe wachokera, ndipo mtundu wa Pro umakana kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi. NAS yakale imene munkalowa popanda dzina imangotsekeredwa kunja, ndipo mwina muona nambala 0x80070035.

Apa ndipo ndikupemphani kwambiri. Pa intaneti mupeza ambiri okulangizani kuti muyatsenso SMB1 kapena muzimitse siginecha. Backup iyambadi kuyenda, koma mukayatsa SMB1 mwatsegula khomo lomwe kachilombo ka WannaCry kanalowera m'makompyuta ambirimbiri mu 2017, ndipo mwalitsegulira pamalo pomwe pali zonse zimene mukufuna kuteteza. Konzani mbali ya NAS. Ikani firmware yatsopano (pulogalamu yoyendetsa NAS yo), yatsani SMB2 ndi SMB3 pamodzi ndi siginecha, kenako pangani akaunti yokhala ndi dzina ndi pasiwedi ya backup yokhayokha. NAS imene siitha SMB2 yakalamba, m'posafunika kuinyengerera.

Mukatero, lowani mu Credential Manager, momwe Windows imasunga mapasiwedi, mufufute dzina ndi pasiwedi zakale, chifukwa Windows imakakamira zomwe inasunga. Sankhaninso foda ya NAS mu File History (pulogalamu ya backup ya Windows) kapena pulogalamu ina imene mumagwiritsa ntchito. Ogwiritsa ntchito Mac, chotsani pasiwedi yakale mu Keychain, momwe Mac imasunga mapasiwedi, ndipo ngati Time Machine, pulogalamu yake ya backup, inkadutsa pa AFP, njira yakale ya Apple yolankhulirana ndi NAS, isamutseni ipite pa SMB, poti Apple ikuisiya AFP.

Pulogalamu ikanena kuti yamaliza, musakhutire ndi mawu okhawo. Sankhani fayilo yomwe mwaigwira lero, ibwezeni kuchokera pa NAS muiike pa foda ina, muitsegule muone ngati zomwe mwalemba lero zilimo. Muzichita zimenezi tsiku lotsatira update iliyonse yaikulu.