Momwe mungamangire ndege yophunzirira ya rimoti ndi timatabwa ta balsa

Munthu amene sanaulutsepo ndege ya rimoti ayambe ndi imene amaitcha trainer. Mapiko ake amakhala pamwamba pa thupi, kunsi kwake ndi kwafulati, ndipo nsonga zake zimakwera pang'ono m'mwamba. Ndege yotere ikapendekeka inu n'kusiya timitengo ta rimoti, imayesa kudziwongola yokha, komanso imauluka mosathamanga, ndiye mumapeza mpata woganiza. Zodziwika bwino ndi monga Great Planes PT-40 ndi SIG Kadet LT-40, zimene mapiko ake ndi otalika pafupifupi mamita 1.5 ndi 1.8.

Balsa ndi mtengo wa ku Central ndi South America, ndipo wambiri wogulitsidwa umachokera ku Ecuador. Ndi wopepuka zedi, wofewa moti chikhadabo chimasiyapo chizindikiro. M'bokosi la ndege yomanga nokha mumapeza timatabwa todulidwa kale, pulayiwudi yopyapyala, pulani yaikulu ndi kabuku ka malangizo. Mota, rimoti, batire ndi pulasitiki yokutira mumagula padera. Njira yake ndi kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale amene akuchokera ku Johannesburg, ndipo powerengetsa ndalama musaiwale msonkho wa MRA. Za mabatire a LiPo, mtundu wa mabatire otchaja amene ndegezi zimayendera, funsiranitu kwa wogulitsa, chifukwa kutumiza kwake pa ndege kuli ndi malamulo okhwima.

Yambani ndi tebulo

Phiko limatengera malo amene lamangidwirapo. Tebulo likakhala lopindika, phiko nalonso lipindika, ndipo ndegeyo izingokhotera mbali imodzi masiku ake onse. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona ntchito yonse, kuposa mota wodula kapena rimoti yapamwamba. Pezani chitseko chafulati chatsopano, muikepo rula yachitsulo yaitali m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muone ngati pansi pake pakudutsa kuwala. Pamwamba pake yalani softibodi ya siling'i, ya m'mahadiweya a ku Old Town mu Lilongwe, kuti mapini azilowa. Kenako yalani pulani n'kuiphimba ndi pulasitiki yoonekera, guluu asamatirire pa pepala.

Mufunikanso mpeni wakuthwa kwambiri, mapini ambiri, sikweya, mapegi a zovala ndi sandipepala wa 80, 150 ndi 220 womatidwa pa kathabwa kowongoka. Guluu akhale wa mitundu itatu: woyera wa akalipentala, supagulu wamadzimadzi amene amalowerera yekha m'mphako, ndi epoxy (guluu wolimba wochita kusakaniza) wouma mochedwa wa pa malo onyamula katundu. Supagulu amalasa m'maso, tsegulani mawindo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October. M'dzinja balsa imamwa chinyezi n'kupotoka. Bokosi musalisiye pansi kapena kuliyedzeka kukhoma, chiswe sichichedwa.

Mchira

Werengani kabuku konse kaye, ndipo lembani manambala a tizidutswa ndi pensulo musanatichotse m'matabwa ake. Mchira ndi wafulati komanso wosavuta, ndiye ndi pophunzirira pabwino. Ikani kadutswa kalikonse pa pulani popanda guluu muone ngati kakugwirana bwino ndi kanzake. Pakatsala mpata, dulani kena. Guluu wodzaza mpata ndi wolemera ndipo salimba. Pa timitengo ting'onoting'ono musabaye pini pakati, kang'ambika, koma mupingasitse mapini awiri pamwamba pake.

Chenjerani ndi kulemera kwa kumchira. Mchira uli kutali ndi pakati pa ndege kusiyana ndi mphuno, choncho galamu imodzi yowonjezera kumbuyo imafuna magalamu atatu kapena anayi kutsogolo kuti ndege ikhazikike.

Mapiko

Apa musathamange. Khomani mtanda wapansi (kamtengo koyenda m'litali mwa phiko) pa pulani ndi mapini, muimike nthiti (timatabwa topatsa phiko maonekedwe ake) imodziimodzi pa mzere wake. Nthiti iliyonse muiyeze ndi sikweya kuti yaima chilili, ndipo kunsi kwake kugunde tebulo. Yokhayo ya pakati, pamene mapiko awiri adzakumane, ndi imene imapendekeka pang'ono, ndipo m'bokosi mumakhala kachida koyezera kupendekekako. Lowetsani mtanda wapamwamba, kenako mtengo wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Zonse zikakhala m'malo, ndiye donthezani guluu.

Pakati pa mtanda wapamwamba ndi wapansi pamalowa timatabwa topyapyala, kuchokera nthiti ina kukafika ina. Ambiri amationa ngati tosafunika, pamene ndi timene timaletsa phiko kuthyoka ndege ikamadzutsa mphuno itatsika mwaliwiro. Mizere ya thabwa iime choimirira, osati chogona. Phiko likhalebe lokhomedwa pa tebulo usiku wonse mpaka guluu aumiretu. Mukalichotsa msanga limapotoka likuuma.

Mangani phiko lamanja limodzi ndi lamanzere limodzi. Zikumveka zachidziwikire, koma munthu akazolowera loyamba manja amangobwereza zomwezo.

Polumikiza awiriwa gwiritsani ntchito epoxy wouma mochedwa, osati wa mphindi zisanu. Pakani pa kathabwa kolumikizira ndi pa nthiti ziwiri za pakati, gonekani phiko limodzi pa tebulo, linalo mulitsamiritse pa chinthu chokwera monga pulani yanenera. Yang'anani kutsogolo ndi kumbuyo kuti mizere yakumana ndendende. Ngati m'bokosi muli kansalu ka fiberglass kokulunga pakatipo, kaikeni. Pomaliza palani ndi sandipepala wa pa kathabwa mpaka kutsogolo kwa phiko kubulungike mofanana mbali zonse.

Thupi

Mbali ziwiri za thupi zimalumikizidwa ndi timafelemu ta pulayiwudi. Matani ta pakati poyamba, muyeze ndi sikweya, kenako ikani thupi pa mzere wapakati wa pulani pokokera mbali ziwirizo pamodzi kumchira. Mukakoka mbali imodzi kwambiri, thupi limakhota ngati nthochi. Thabwa la kutsogolo logwira mota limafuna epoxy. Mukaona kuti pulani yalipendeketsa pang'ono pansi ndi kumanja, musaliwongole: achita dala kuti ndege isamakwere kapena kukhotera kumanzere mota akamakoka.

Pomata mchira, ikani kaye phiko pa thupi. Yezani ndi ulusi wosatamuka kuchokera kunsonga iliyonse ya phiko kukafika kumapeto kwa thupi. Mbali zonse zifanane. Imani kumbuyo muone ngati mchira wagona mofanana ndi phiko.

Mota ndi rimoti

Ndege ziwiri ndatchulazi anazikonzera injini ya mafuta a methanol, koma mafutawo ndi ovuta kuitanitsa, ndiye kwa ife mota wa batire ndiye wanzeru. Werengerani mawati 150 mpaka 200 pa kilogalamu iliyonse ya ndege. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo kukatentha mu October mpweya umapepukirako, ndege n'kumafuna msewu wautali isananyamuke. Sankhani nambala yapamwambayo, mawati 200. Mota ayendere limodzi ndi ESC (kachida kolamulira liwiro la mota) ndi pulopela zimene wopanga wake walangiza.

Rimoti ya 2.4 GHz ya matchanelo anayi ndi yokwanira: mphamvu ya mota, aileron (za kumapiko, zopendeketsa ndege), elevator (ya kumchira, yokweza ndi kutsitsa mphuno) ndi rudder (ya kumchira, yokhotetsa). Mangani ma servo (timamota tosuntha aileron, elevator ndi rudder), lowetsani mawaya okankha, muonetsetse kuti akuyenda osagwira penapake. Pochita zonsezi pulopela ikhale yochotsa. Imadula zala mpaka pafupa.

Batire la LiPo likadzaza limakhala ndi mavoti 4.2 pa selo. Musalitsitse pansi pa 3.3, ndipo polisunga likhale pa 3.8. Tchajani ndi tchaja yake yokha, pa simenti, inu muli pomwepo. Magetsi akathima lili pa tchaja, lizuleni. Likatupa, ntchito yake yatha.

Kukuta

Pukutani fumbi lonse. Pulasitiki ya MonoKote kapena Oracover ili ndi guluu kunsi, amene amagwira akatenthedwa, ndipo kutentha kukawonjezeka pulasitikiyo imakokana n'kuuma gwa. Simbi yamagetsi ya zovala imagwira ntchito mukaiveka sokosi ya thonje, bola muyesere kaye pa kadutswa kotsala; ya makala iyayi, kutentha kwake simungakulamulire. Yambani kunsi, kenako pamwamba. Gwiritsani ngodya zinayi, matani m'mphepete monse, ndiye muzikokanitsa pakati. Kokanitsani kunsi ndi pamwamba mosinthanasinthana kuti phiko lisapotoke. Mitundu ya kunsi ndi pamwamba isiyane kwambiri, monga yachikasu pamwamba, yakuda kunsi, chifukwa ndege ikatalikira mtundu ndi umene umakuuzani kumene yapendekera.

Kuyeza pokhazikika

Ikani zonse m'ndege, batire lomwe. Pulani imasonyeza malo okhazikika, pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumafanana, kawirikawiri pa 25 mpaka 33 peresenti ya m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Nyamulani ndege ndi nsonga za zala ziwiri kunsi kwa phiko pamalowo. Igone mowongoka kapena iweramitse mphuno pang'ono. Mchira ukatsika, musaiulutse ngakhale anzanu akukakamizeni: ndege yolemera kumbuyo imavuta kwambiri kuiwongolera. Sunthani batire kutsogolo kaye musanaganize zoonjezera chitsulo.

Kenako imani kumbuyo kwa ndege. Kamtengo ka aileron kakapita kumanja, aileron yakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Mukakokera elevator kwa inu, ikwere. Rudder itsate dzanja. Yesani izi tsiku lililonse musananyamuke. Rimoti ndiyo imayamba kuyatsidwa ndipo imamaliza kuzimitsidwa. Konzaninso failsafe, chitetezo cha pa rimoti, kuti mota azime ngati kulumikizana kwaduka.

Phiko limamangiriridwa ku thupi ndi malabala, ochuluka monga kabuku kanenera. Malegeni a chubu musagwiritse ntchito. Malabala amaduka kapena kutamuka ndege ikagwa, phiko n'kupulumuka, pamene malegeni amagwira zolimba mpaka thabwa kuphwanyika. Dzuwa lathu limawaononga msanga, muziwasintha.

Tsiku loyamba

Musanapite kubwalo, funsani ku ofesi ya Civil Aviation za malamulo a ndege zopanda woyendetsa. Khalani kutali ndi bwalo la ndege la Kamuzu International ku Lumbadzi, Kamuzu Palace, Capital Hill ndi malo a asilikali. Dziko lathu si lachilendo pa nkhaniyi: ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserera ma drone mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba muno mu Lilongwe mu 2020, ndiye anthu odziwa kuulutsa alipo. Pezani mmodzi aiulutse koyamba ndi kuikonza kuti iziyenda mowongoka. Ngati n'kotheka lumikizani marimoti awiri kuti iye azilanda mukasokonezeka. Yesereraninso pa simulator, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuulutsa, makamaka ndege ikamabwera kwa inu, pamene kumanja ndi kumanzere kumaoneka ngati kwasinthana.

Sankhani bwalo lalikulu lopanda mitengo ndi mawaya a magetsi, ndipo pemphani kwa a mfumu kapena a hedi a sukulu. Munda wa mizere umathyola miyendo ya ndege. Pitani m'mamawa mphepo isanadzuke, makamaka miyezi ya mwera. Ana adzabwera ambiri, ndipo ndi bwino aone, koma pakhale wamkulu wowaimika kumbuyo kwa woulutsa. Yesani kaye mtunda umene rimoti ikufika, nyamukani moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo terani batire lisanafooke.

Ikagwa, zulani batire poyamba n'kuliika padera panja, kenako tolani tizidutswa tonse, ngakhale tochepetsetsa. Balsa yothyoka imalowana bwino pamene yathyokera, ndipo supagulu wamadzimadzi amaigwira. Mukatha kukonza, yezaninso pokhazikika, chifukwa guluu wawonjezera kulemera.