Kufewetsa chiwongolero cha galimoto yaing'ono yakale

Mwafunsa ngati Mini kapena Morris Minor yakale ingaikidwe power steering, makina ofewetsa chiwongolero. Ingaikidwe ndithu, ndipo ine ndimasankha yamagetsi, yoyendera mota, chifukwa siifuna malo a pampu, lamba ndi mapaipi m'boneti monga imafunira yoyendera mafuta.

Musanagule kanthu, kwezani galimoto pa jeke muone rack (chitsulo cha mano chimene chimakhotetsa matayala), ma ball joint (mfundo zolumikizira zitsulo za kumatayala) ndi mpweya m'matayala. Chiwongolero chimatha kulimba chifukwa cha zimenezi, ndipo mota ingangobisa vutolo.

Zikakhala bwino, pezani column (mtengo wa chiwongolero) yamagetsi ya Opel Corsa B kapena C pamodzi ndi kompyuta yake. Chotsani waya wa batire, tulutsani column yakale, muyeze kutalika kwake kuti chiwongolero chibwerere pamalo pake.

Pomanga m'pofunika kudekha. Mota ikamapotokola shafti, mphamvu yomweyo imakankhanso chitsulo chimene mwaimangirapo, ndiye malata opyapyala amang'ambika. Pangani bulaketi yokhuthala, muimange pamalo olimba a bodi. Kuwotcherera shafti yopita ku rack musiyireni katswiri, chonde. Ikathyoka pamsewu, galimoto simungaiwongolenso.

Kenako magetsi: waya wokhuthala kuchokera ku batire, fyuzi ya ma amp 40 kapena 50 pafupi ndi batireyo. Ngati galimoto ili ndi dayinamo, ikani alternator. Ngati ndi ya positive earth, kutanthauza kuti waya wa positive wa batire ndiwo umalumikizidwa ku bodi, isintheni kaye ikhale negative. Kompyuta ya Corsa imadikira kumva liwiro, choncho gulani kabokosi kotumiza uthengawo, kokhala ndi posinthira kufewa.

Yesani chiwongolero matayala ali m'mwamba, kenako yendani pang'onopang'ono pabwalo. Musafewetse kwambiri, muzimvabe msewu m'manja. A inshuwaransi muwadziwitse musanatuluke nayo.